Mpeni Ugwera Pati?

Marlboro ndi dera limene anthu ambiri a mu Johannesburg amangolidutsa. Sitima ya Gautrain yochokera ku Sandton imaima pano kanthawi kochepa, kenaka n'kupitiriza ulendo wa ku Pretoria kapena ku bwalo la ndege la OR Tambo. Moyandikana ndi siteshoni muli Alexandra, lokeshoni yakale imene inayamba mu 1912. M'mafakitale amene eni ake anawasiya ku Marlboro South mumakhala mabanja amene anadula zipinda ndi matabwa ndi malata. Akwathu a ku Mangochi, Mzimba ndi Nkhata Bay ali ponseponse m'dera lino. Ena amasoka, ena amasamala maluwa m'mipanda ya ku Sandton, ena amalera ana a eni mipandayo.

Munthu akadwala kuno, njira ndi ziwiri, ndipo sasankha yekha. Amene ali ndi khadi la medical aid amapita ku Morningside kapena ku Sunninghill, dokotala n'kumuona tsiku lomwelo. Wopanda khadi amalawirira kukadali mdima kukagwira mzere pa kiliniki ya ku Alexandra, ndipo matenda akakula amamutumiza ku Edenvale kapena ku Charlotte Maxeke, kumene opaleshoni amatha kuidikira miyezi. A makadiwo ndi pafupifupi 9 miliyoni m'dziko la anthu oposa 60 miliyoni. Komatu ndalama zimene zimathera pa chithandizo cha anthu ochepawa zimangotsala pang'ono kufanana ndi zimene boma limagwiritsa ntchito pa ena onse otsalawo.

Pa 15 Meyi 2024, kutatsala milungu iwiri kuti anthu aponye voti, Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasainira lamulo la National Health Insurance, limene onse amangoliti NHI. Mfundo yake ndi yosavuta kumva: pakhale thumba limodzi lodzazidwa ndi misonkho, limene lizigula chithandizo m'zipatala za boma ndi zolipira zomwe, kuti wodwala asamatulutse kanthu pakhomo la chipatala. Ndime 33 imati dongosololi likadzakhazikika kwathunthu, ma medical aid azidzangolipirira zokhazo zimene thumbalo silipirira. Ganizoli si lachilendo kuno. Bungwe lofufuza limene ankatsogolera Henry Gluckman linalimbikitsa zofananazo mu 1944, koma boma la Smuts linazengereza, ndipo boma la tsankho litalowa mu 1948 nkhaniyo inafera m'mazira.

Chisainireni lamuloli, phokoso silinathe. A ANC amati otsutsa akutchinjiriza mafuta amene anasiyiridwa ndi tsankho. A DA amati thumba lalikulu chotere m'manja mwa ANC ndi kusungitsa fisi mbuzi. Zipani ziwirizi zili m'boma limodzi kuyambira mu Juni 2024, koma pa nkhani iyi sizionana m'maso, ndipo mabungwe a madokotala, a zipatala zolipira, a medical aid, bungwe la apantchito la Solidarity ndi boma la chigawo cha Western Cape onse anathamangira kukhoti.

Ndikamamvetsera, ndimapeza kuti mbali iliyonse imanena zoona ikamakamba za inzake. Amene amaopa kuba sakulota. Babita Deokaran, mkulu wa zandalama mu nthambi ya zaumoyo ya Gauteng, anawomberedwa pakhomo pake pa 23 Ogasiti 2021 atangodandaula za ndalama zokwana pafupifupi R850 miliyoni zimene zinkalipidwa mokayikitsa pa chipatala cha Tembisa. Nawonso amene amati zipatala zolipira zimadya mopitirira sakunama, monga tione kutsogoloku. Koma pali mawu amene mbali zonse zimawatchula mopepuka, ngati kuti ndi masamu chabe a akalaliki: akuti tichepetse ndalama zimene zimathera pa matenda. Ine ndikuona kuti funso lenileni la chilungamo labisala m'mawu amenewa.

Ntchito yanga ndi yomasulira, choncho mundilole ndipatuke pang'ono. M'Chichewa, liwu lakuti mtengo limatanthauza chomera chimene makolo ankazulako mizu yochizira, komanso ndalama imene wogulitsa watchula. Unduna woona za zipatala timauti wa zaumoyo, ndipo moyo ndi umene munthu amataya akamwalira. Chingerezi chimalekanitsa zinthuzi, mwakuti munthu amatha kukamba za bajeti tsiku lonse osakumbukira kuti pali wina amene akupuma. Chichewa chimachita manyazi. Kunena kuti tidule mtengo wa zaumoyo, khutu limafunsa lokha kuti: wa yani?

Chifukwa kudula n'kosapeweka. Palibe dziko, ngakhale lolemera bwanji, limene lingapatse aliyense chilichonse chimene madokotala angathe kuchita. South Africa inaphunzira zimenezi demokalase yake ikadali khanda. Thiagraj Soobramoney anali bambo wa zaka 41 wa ku Durban, wosagwira ntchito, wodwala shuga ndi mtima, ndipo impso zake zinali zitaleka kugwira ntchito. Ankalipira yekha kuti azimusefa magazi pa makina mpaka ndalama zinamuthera. Chipatala cha boma cha Addington chinamukana: makina anali ochepa, ndipo ankasungira odwala amene akanachira kapena amene akanalandira impso ina. Iye anakasuma, atagwira ndime 27 ya malamulo oyendetsera dziko, imene imati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo ndiponso kuti munthu asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi. Pa 27 Novembala 1997 khoti lalikulu loona za malamulowa linagamula kuti chipatalacho sichinalakwe. Patangopita masiku owerengeka, bamboyo anamwalira.

Sabata yomweyo, pa 25 Novembala, mu mzinda womwewo umene khotilo linkakhala, Kamuzu Banda anatsirizikira m'chipatala cholipira cha Garden City. Anali nkhalamba ya zaka zoyandikira 100, munthu amene anali dokotala ku London pamene Britain inkayambitsa NHS mu 1948, amene analamula Malawi zaka 30, koma chithandizo chake chomaliza anachipeza ku Joni. Sindikuti anayenera kukanizidwa. Ndikungoti onani bwino anthu awiriwa. Wina anauzidwa kuti ayi, ndipo chifukwa chake chinalembedwa, oweruza anachisanthula, ophunzira zamalamulo amachiwerenga mpaka lero. Winayo palibe amene anafunsa ngati makina amene anamuikira akanathandiza wina wamng'ono. Ndalama inayankha funso lisanafunsidwe.

Apa m'pamene ndimasiyana ndi amene amati NHI idzabweretsa kugawa chithandizo mopimira. Kupimako kulipo kale. Zipatala za boma zimapima ndi mzere, zolipira zimapima ndi chikwama. Kusiyana kwake n'kwakuti mzere umaoneka, atolankhani amaujambula, pomwe munthu amene sanayerekeze n'komwe kufika pageti la ku Morningside salembedwa m'buku lililonse. Nawonso amene amati safuna kulipirira matenda a anthu ena aiwala kuti medical aid ndi chipereganyu: athanzi amasonkhera odwala, achinyamata amasonkhera okalamba. Nkhani ndi yakuti mpanda wa chipereganyucho ufike pati. Ndiponso mpandawo sunamangidwe ndi ndalama za eni okha, popeza boma limachotsera membala aliyense ndalama pa msonkho wake mwezi ndi mwezi (mu 2025 zinali R364), ndipo aphungu amene anavotera NHI ali ndi medical aid yawoyawo yotchedwa Parmed. Ife akwathu kuno timadziwa kusonkha, ngakhale kuti timafulumira kusonkhera bokosi ndi galimoto yokatula maliro kumudzi kusiyana ndi kusonkhera mankhwala mwini malirowo akadali moyo.

Tsono ngati kudula n'kosapeweka, chotsala n'kufunsa kuti mpeni ugwera pati. Ungagwere pa mtengo wa chinthu, kapena pa munthu. Dziko lino linayesapo zonse ziwiri.

Mu 1998 makampani opanga mankhwala pafupifupi 40 anasumira boma la Nelson Mandela chifukwa cha lamulo la 1997 lofuna kutsitsa mitengo ya mankhwala. Nthawi imeneyo ma ARV a munthu mmodzi ankagulidwa madola oposa 10,000 pachaka. Odwala a m'bungwe la Treatment Action Campaign anadzaza misewu, dziko lonse lapansi linaloza chala makampaniwo, ndipo mu Epulo 2001 anausiya mlanduwo. Chaka chomwecho kampani ya ku India ya Cipla inali italengeza mtengo wa madola 350. Lero mankhwala abwino kuposa amenewo sakwana madola 100 pachaka. Malawi inayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo ambiri a ife tili ndi azakhali kapena amalume amene ali moyo chifukwa mpeni unagwera pa phindu la kampani.

Njira inayo inaoneka muno mu Gauteng. Mu 2015 nthambi ya zaumoyo, pansi pa Qedani Mahlangu, inathetsa mgwirizano ndi kampani ya Life Esidimeni imene inkasunga odwala matenda a maganizo, ndipo chifukwa chimodzi chimene inapereka chinali kupulumutsa ndalama. Kumeneko wodwala mmodzi ankadya R320 patsiku. Mabungwe ang'onoang'ono amene anawatumizako ankapatsidwa R112. Odwala oposa 1,000 anasamutsidwa mothamanga mu 2016, ena pa malole, ena opanda mafayelo awo, abale osauzidwa kumene apita. Malo ambiri analibe ziphaso zoyenera, analibe anamwino, analibe chakudya chokwanira ngakhale zofunda. Anthu 144 anamwalira, ambiri ndi njala, ludzu, chisanu ndi chibayo. Mu 2018 woweruza wopuma Dikgang Moseneke analamula boma kulipira banja lililonse R1.2 miliyoni. Ngakhale pa masamu okhawo ndalama sizinapulumuke. Koma tiyerekeze kuti zikanapulumuka: kodi chikanasintha n'chiyani? Kusiyana kwa R320 ndi R112 sikunachotsedwe pa phindu la wina aliyense. Kunachotsedwa m'mbale ya munthu amene sakanatha kudandaula, ndipo anasankhidwa pa chifukwa chomwecho. Wodula amayang'ana pofewa.

Pouma pamakhala posakhudzidwa. Kafukufuku wa Competition Commission, amene anatsogolera Sandile Ngcobo, mkulu wakale wa oweruza, anatuluka mu Sepitembala 2019. Anapeza kuti makampani atatu okha, Netcare, Mediclinic ndi Life Healthcare, ali ndi mabedi oposa 8 mwa 10 alionse m'zipatala zolipira, ndiponso kuti mabedi ndi madokotala akachuluka pamalo, odwala ogonekedwa amachulukanso popanda umboni woti akuchira bwino kuposa kale. Amayi oposa 7 mwa 10 alionse m'zipatalazi amabereka ndi opaleshoni. Chiyambire 2010, pamene khoti linathetsa ndandanda wa mitengo umene boma linkatulutsa, dokotala wa prayiveti amatchula mtengo umene wafuna. Mu 2025 ma medical aid akuluakulu anakweza zopereka ndi pafupifupi 10 peresenti pamene mitengo ya zinthu zina inkakwera ndi pafupifupi 3. Lipotilo linapereka njira zoikira malire pa mitengo, zosafuna kudikira NHI. Zaka zinapita likungotola fumbi. Kwa ANC, kukonza zipatala zolipira kukanachepetsa mkwiyo umene NHI imadalira. Kwa DA, kukanakhumudwitsa abwenzi. Wodwala ndiye udzu pa ndewu ya njovu.

Ine ndimavomereza mfundo ya thumba limodzi. Sindiona chifukwa chomveka choti mwana wobadwira m'fakitale ya ku Marlboro South apatsidwe mwayi wochepa wokhala ndi moyo kusiyana ndi wobadwira kutsidya kwa msewu wa M1. Koma pali ndime imodzi m'lamuloli imene zipani zikuluzikulu sizikanganirana kwenikweni, ndipo kukhala chete kwawoko kumandiuza zambiri kuposa phokoso lonse lija. Ndime 4 imati thumbalo lizithandiza nzika, alendo okhazikika mwalamulo, othawa kwawo amene anavomerezedwa kale, ndi akaidi. Amene akudikira yankho la pempho lawo lothawira kuno, ndi amene alibe mapepala, azingolandira chithandizo chadzidzidzi ndi cha matenda amene lamulo limafuna kuti azilengezedwa kuboma. Ana okha ndi amene asiyiridwa chithandizo choyambirira. Mmalawi amaloledwa masiku 30 akalowa pa Beitbridge, ndipo tonse tikudziwa kuti ambiri amene akutchetcha kapinga ku Sandton masiku awowo anatha kalekale.

Chifuwa chachikulu chili pa ndandanda wa matenda olengezedwawo. HIV palibe. Shuga palibe, kuthamanga kwa magazi palibe. Ndiye kuti, monga lamuloli lalembedwera, mayi wa ku Machinga amene amachapa m'nyumba ya anthu sangalandire mapiritsi a BP a ndalama zochepa, koma tsiku limene adzagwe ndi sitiroko ambulansi idzamutenga, ndipo boma lidzalipira bedi la odwala mwakayakaya. Bambo amene ali pa ma ARV adzawasiya, kachilombo kadzachuluka, adzapatsira ena, mwina nzika zomwe, kenaka adzadwala TB, ndiye pamenepo chitseko chidzatseguka. Kumeneku si kupulumutsa ndalama. Ndi kusankha munthu amene savota.

Sindikufuna kupeputsa dandaulo la eni dziko. Gogo wa ku Alexandra amene anakulira m'tsankho, amene analonjezedwa mu 1994 kuti zinthu zisintha, akafika pa kiliniki mbandakucha n'kupeza anthu 60 patsogolo pake, ena olankhula zilankhulo zakunja, mkwiyo wake si misala. Pamene Phophi Ramathuba, amene ankayang'anira zaumoyo ku Limpopo, anakalipira mayi wa ku Zimbabwe ali pabedi m'chipatala cha Bela-Bela mu Ogasiti 2022, anthu ambiri anamuombera m'manja chifukwa ananena zimene zinali kukhosi kwawo: kuti maboma a maiko oyandikana nawo akutula katundu wawo pa South Africa. Pa mfundo iyi ife Amalawi tisadzinamize. Chipatala cha boma kwathu n'chaulere papepala, koma wodwala amalemberedwa mankhwala oti akagule ku famase, ndipo akuluakulu athu akadwala amakwera ndege. Dziko limene limakondwera ndi ndalama zotumizidwa kuchokera ku Joni liyenera kufunsidwa kuti likuchitapo chiyani pa matupi amene amapanga ndalamazo. Maboma a SADC angathe kukhala pansi n'kugwirizana zolipirana. Koma ngongole ya boma imakatoleredwa kuboma, osati kwa mayi amene wavala gauni ya chipatala.

Ndiponso masamu a mzerewo sakugwirizana ndi mkwiyowo. Kalembera wa 2022 anapeza anthu obadwira kunja pafupifupi 2.4 miliyoni mwa anthu 62 miliyoni, osakwana 4 mwa 100 alionse. Tinene kuti ambiri anazemba kalemberayo, tinenenso kuti anaunjikana mu Gauteng; chiwerengerocho chikwera, koma sichingafotokoze kusowa kwa anamwino, kapena moto umene unatseka mbali ya Charlotte Maxeke mu Epulo 2021, kapena ndalama za ku Tembisa. Mlendoyo akagula sopo kapena mayunitsi amalipira msonkho wa VAT wa 15 peresenti monga wina aliyense. Ambiri ndi achinyamata amene anabwera athanzi, ndipo mwambo wathu ndi wakuti munthu akadwalitsa amakwera basi kukafera kwawo.

Mwambo umenewu sunayambe wokha. Agogo athu ankapita ku migodi kudzera ku Wenela atapimidwa kaye ngati ali ndi mphamvu, ndipo fumbi likawadya mapapo ankabwezedwa kumudzi kuti akatsokomolere kumeneko. Mu 1988 makampani a migodi analeka kutenga Amalawi pa mkangano wa kuyeza HIV, ndipo masauzande anabwerera. Chuma cha mzinda uno chinaphunzira kalekale kulandira mikono ya munthu n'kusiya matenda ake kuti akasenze amake. Medical aid nayonso inayambira m'migodi ndi m'makampani, ya azungu okhaokha. Choncho lamulo limene likudzitcha kuti labwera kudzathetsa zotsalira za tsankho, likamasunga mzere womwewo n'kungousunthira pa pasipoti, ndili ndi ufulu wofunsa ngati lathetsadi kapena langosintha dzina la woima kunja.

Wina anganene kuti malire ayenera kukhalapo, apo ayi Africa yense adzakhamukira kuno. Ndikuvomera kuti dziko lili ndi ufulu wolondera malire ake, ndipo malo ochitira zimenezo ndi Beitbridge ndi maofesi a Home Affairs. Namwino akasanduka wapolisi wa zolowa ndi kutuluka, odwala amabisala, ndipo TB siyang'ana chiphaso ikamadumpha mu takisi yodzaza yopita ku Pan Africa. Kukana kumene kunagwera Soobramoney kunali kowawa, koma chifukwa chake chinali chokhudza thupi lake ndi makina amene analipo, ndipo chikanagwera munthu wina aliyense wodwala ngati iye. Chifukwa chotere munthu angathe kuchimva ngakhale akulira. Chifukwa chakuti unabadwira ku Ntaja sichinena kanthu za matenda, ndipo wokanidwayo palibe chimene angayankhe.

Lamulo la NHI silinayambe kugwira ntchito, koma mzimu wa ndime 4 unafika kale pageti. Mu Epulo 2023 khoti lalikulu la Johannesburg linachita kukumbutsa zipatala za Gauteng kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa mwaulere posayang'ana kumene anachokera. Mu 2025 anthu a gulu la Operation Dudula ankaima pa makiliniki kufunsa odwala ziphaso, ndipo nyuzipepala zinalemba za mayi wa ku Malawi amene anati mwana wake wa chaka chimodzi anamwalira atabwezedwa pa kiliniki ku Alexandra. Gululo linakana kuti linachita zimenezo. Mu Novembala chaka chomwecho khoti linaletsa gululi kufunsa anthu ziphaso ndi kuwatsekera zipatala, ponena kuti ntchito yofunsa mapepala ndi ya apolisi ndi a zolowa ndi kutuluka okha. Pamene ndikulemba, maloya a mbali zonse akukangana za ndime 33 ndi za mmene Nyumba ya Malamulo inamvera maganizo a anthu, ndipo ndime 4 ikadali momwe inasainidwira.